Kuseri kwa Zala

Fauziya anakana mpando umene Sakina anamukokera. Anaima pakhomo la garaja, masiki ili kukamwa, n'kumuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumapazi. Ndiye ameneyu. Wamfupi, wantchito wa m'nyumba ya abwana ku Al Messila. Latifu, mwamuna wa Fauziya, amene ankasamala galimoto ya abwanawo, anali atamwalira ndi Covid sabata yathayo, ndipo anamuika konkuno ku Doha, mkazi wake osaona nkhope.

Chimene chinkamudya mumtima chinali ichi. Lamulo litasintha, kuti munthu atha kusiya ntchito popanda NOC, kalata ya chilolezo cha bwana, Fauziya anamupezera Latifu malo pa hotela imene iye ankagwirapo ntchito, kuti azikhala limodzi ku Umm Ghuwailina. Latifu anakana. Anati sangasiye galimoto. Mwamuna n'kukana mkazi wake chifukwa cha galimoto? Lero anabwera kudzaiona galimotoyo, ndipo anaipeza itavala hijabu yapinki.

Hamisi, mng'ono wa malemu, anali atamuchonderera m'njira kuti asayambitse ndewu. Ankafuna ntchito ya mkulu wakeyo. Iye ankakonza mabasi ku Industrial Area, oyilo mpaka m'zigongono, pamene Latifu ankapukuta chidole cha olemera m'garaja ya AC.

Sakina anavundukula nsalu imene inaphimba galimotoyo. Chinthucho chinali chogona pansi, chosafika n'komwe pachifuwa, chili ndi chipsepse pamsana ndi kakhomo konga ka khola la nkhunda. Hamisi anaiwala kuti ali pachisoni. Anachizungulira n'kumafotokoza ngati n'chake: kuti chisanapume chinkathamanga mipikisano ya usana ndi usiku ku Ulaya, kuti injini ndi ya dizilo koma imangonong'ona, kuti dalaivala akaponda mabuleki mphamvuyo siitayika, imakazunguza gudumu lina lobisika mkati, n'kubwerera ili magetsi kudzakoka mateyala akutsogolo.

"Chaka chatha ndinangopempha kukhalamo," anatero. "Achimwene anandikaniza. Ine, m'bale wawo."

"Ngakhale iwo sanakhalepomo," anayankha Sakina. "Mapewa sankalowa."

"Mapewa awo umawadziwa bwino, eti?" anafunsa Fauziya.

Sakina anazolika. Anati ankangowabweretsera tiyi, ndipo nthawi ya lockdown, abwana ataletsa antchito kutuluka, ndi iye ankawagwirira tochi. Anati achimwene ankangokamba ziwiri basi: galimotoyi, ndi mayi a ku hotela amene sachedwa kupsa mtima.

"Wallah, mayi. Ine ankanditcha sipanala boyi."

Fauziya anamukhulupirira, ndipo apa mpamene zinamuwawa kwambiri. Mkazi mnzako ungamukoke tsitsi. Nanga ichi ungachitani? Chinadya Lachisanu lililonse, tsiku lopuma la mwamuna wake, ndipo chinali phee, chonyezimira, chosadziwa n'komwe kuti wochisamala wafa. Anasendera nakweza dzanja kuti achiwombe mbama.

Sakina anamugwira mkono. Anasuzumira kaye kanyali kamene kanali pafupi ndi galasi. Kanali kobiriwira. Anati kakafiira, magetsi a mkatimo atha kupha munthu, koma ngakhale kabiriwire, achimwene sankakhulupirira nyali. Anatembenuza dzanja nakhudza galimotoyo ndi kuseri kwa zala, pang'ono chabe. Anadikira. Kenako anaikapo chikhatho.

Fauziya anakuzindikira kukhudza kumeneko. Umu ndi mmene Latifu ankafikira akabwera mochedwa kudzamuona: osapepesa, osafotokoza, kuseri kwa zala patsaya lake, kudikira, kenako chikhatho. Zaka zonsezi ankayesa kuti zimenezi n'zake yekha.

"Anakuphunzitsa ndani zimenezo?"

"Achimwene, mayi. Tonse a pano anatiphunzitsa. Ngakhale abwana. Ankati magetsi akakupeza ndi chikhatho, dzanja limafumbata, sungachotse. Koma kuseri kwa zala, umathawa uli moyo."

Hamisi anakhosomola nafunsa ngati angapite kukalankhula ndi abwana. Fauziya anamuuza kuti apite, ndi kuti Sakina amuperekeze.

Atatsala yekha anachiyang'ana chinthucho kwa nthawi. Anafuna kuchilavulira, koma masiki inali kukamwa. Anapinda mkono wa mkanjo wake wa abaya, nayandikiza kuseri kwa zala pachipsepse paja. Panali pozizira ndi AC. Anadikira monga mmene Latifu ankamudikirira iye, kenako anatembenuza dzanja.