Pepala Langa M'manja mwa a Hoshikawa

Gulu lathu linali ndi lamulo limodzi, ndipo analikhazikitsa a Tsurumi, mphunzitsi wopuma pantchito amene anayambitsa gululi: mwini nkhani atseke pakamwa. Nkhani yako amawerenga mokweza amene wakhala kumanzere kwako, kenako onse amaisenda mmodzimmodzi, iwe uli duu mpaka womaliza atalankhula. Ine lamuloli ndinkalikonda. Ndinalowa gululi ndikulemba ngati lipoti la kwa ahedi, koma patatha zaka zitatu ndinali nditayamba kulemba anthu enieni.

Tinkakumana Loweruka masana, kamodzi pamwezi, m'chipinda cha pamwamba pa holo ya m'tauni mwathu ku Toyama, aphunzitsi asanu ndi awiri a sukulu zosiyanasiyana. Aliyense ankalemba za mwana wa m'kalasi mwake, dzina n'kulibisa.

Mu Febuluwale inali nthawi yanga. Ndinalemba za Chisato Nagao wa m'kalasi langa lachisanu, ndikumutcha "Mtsikana K". Ana a m'kalasi langa ankalemba za tsiku lililonse m'kope, ine n'kumawayankha ndi inki yofiira. Chisato anali atalemba kuti Lachitatu lililonse, m'malo mokaphunzira luso lolemba zilembo ndi burashi ndi inki, amazembera kwa bambo ake, okonza njinga kuseri kwa siteshoni, amene anasiyana ndi mayi ake. Pobwerera amadzipaka inki m'zala kuti kunyumba asadziwe. Pansi pake analemba kuti, "Aphunzitsi, musauze amayi. Akadziwa andiletsa." Ine ndinayankha kuti, "Sindiuza munthu."

Ndiye taonani uchitsiru wanga: ndinadzinamiza kuti kubisa dzina n'chimodzimodzi kusauza munthu. Nkhaniyo inali yokoma kwabasi, ndipo ndinkafunitsitsa kuti a Tsurumi andiyamikireko.

Ndinali nditagawa kale mapepala patebulo, chovundikira monga mwa mwambo, pamene a Tsurumi analowa ndi mlendo.

"Awa ndi aphunzitsi a Hoshikawa, a ku sekondale ya kutsidya kwa mtsinje. Ayamba nafe lero."

Mayi wamtali wa jekete lotuwa anagwada, nawerama, n'kukhala pa khushoni yokhayo imene inalibe munthu, ya kumanzere kwanga.

"Ndinu a Kuwabara?" anandinong'oneza. "Pepani sindinabwerepo kudzathokoza. Misonkhano ya makolo imagundana ndi makalasi anga, ndiye amapita ndi agogo ake. Ndine mayi wake wa Chisato. Ine ndinabwerera ku dzina la kwathu, mwana anatsala ndi la bambo ake."

Mantha otere sindinawamvepo chibadwire.

"A Tsurumi," ndinatero, "nkhani yangayi sinapse. Tiwerenge ya wina lero."

"Iii, zayambika!" anatero a Kamei, mphunzitsi wa masewera, akusenda nachesi. "Aliyense nkhani yake imakhala yosapsa ikafika patebulo. Ine ndinati m'mimba mwandipotokola, munandimvera chisoni? Khalani pansi, mayi, tikumeteni."

Onse anaseka. A Tsurumi anakweza chala.

"Kuyambira pano pakamwa panu patsekedwa. A Hoshikawa, tembenuzani pepala."

Ndikanatha kulitsomphola. Dzanja langa linali pafupi kwambiri. Koma ndinaganiza kuti ndikatero afunsa chifukwa, ndipo mwina, mwina, sazindikira. Ana ophunzira burashi m'tauni muno ndi ambiri. Zoona zake n'zakuti ndinaopa kuchita phokoso pamaso pa akuluakulu kuposa mmene ndinaopera kupereka mwana.

Anayamba kuwerenga ndi mawu omveka bwino, a munthu wozolowera kalasi. Tsamba loyamba linali la kalasi lonse, ndipo ndinkapemphera lisathe. Linatha. Anafika pa Lachitatu, osasintha mawu. Anafika pa njinga, mawu anatsika pang'ono. Atafika pa inki ya m'zala, anaima.

Chomwe chinkamveka ndi ketulo pa mbaula ya palafini. Kunja kunali chipale chofewa mpaka m'mawondo.

"Chilembo chavuta?" anafunsa a Tsurumi.

"Ayi, chikuoneka bwinobwino."

Anapitiriza. Ndinamva ndi makutu anga mayi akuwerenga ndi pakamwa pake kuti, "Musauze amayi." Kenako anawerenganso yankho langa lija, momveka, osathamanga.

Kusenda kunayambira kwa a Kamei.

"Apa ndiye mwalemba, a Kuwabara! Koma mayi wa mwanayu ndi wouma mtima bwanji! Simunamufotokoze, koma ndikumuona ndithu, nkhope ngati chitseko cha ndende. Mwana mpaka kudzipaka inki chifukwa choopa make?"

Ndinafuna kukuwa kuti atseke pakamwa, koma wotsekedwa pakamwa ndinali ine. Ena anavomereza, wina anadandaula za ndime yachitatu kuti yatalika. A Tsurumi anati m'zaka zitatu zonsezi sindinalembepo chinthu choposa ichi. Mawu amene ndinkawafuna aja ndinawalandira ndikuyang'ana makoko a nachesi.

Womaliza anali a Hoshikawa. Manja awo anali atapanikiza pepala patebulo.

"Ine ndine mlendo, kulemba sindikudziwa," anatero. "Funso langa ndi limodzi. Mwanayu akakhala kwa bambo akewo, amaseka? Simunalembe."

Onse anatembenukira kwa ine. Tsopano ndinali wololedwa kulankhula.

"Amati amaseka," ndinatero.

"Mukanalemba zimenezo."

Anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama.

Titabalalika ndinawathamangira pamasitepe, ndinawapeza pakhomo akuvala nsapato. Ndinawerama mpaka mutu kufuna kugunda pansi.

"Chonde, musamuletse. Wolakwa ndine. Ndipo musamuuze kuti munamva kwa..."

"Mwawerengetsa chipinda chonse, aphunzitsi," anandidula, osandiyang'ana. "Musandiphunzitse ine kusunga chinsinsi."

Lamlungu lonse sindinadye. Foni ikangolira ndinkadzidzimuka, ndikuganiza kuti ndi ahedi, kapena agogo ake, kapena bambo wa njinga uja. Koma chimene ndinkaopa kwenikweni chinali nkhope ya mwana wa zaka khumi ndi chimodzi.

Lolemba Chisato anabwera pa nthawi yake. Anaika kope lake pamwamba pa mulu wa makope n'kukakhala, osakweza maso. Ndinapirira mpaka nthawi yopuma, n'kulitsegula.

"Amayi ati Lachitatu ndizipita kwa ababa poyera, ndisiye kuwononga inki. Analira kwambiri. Ndinawafunsa kuti wawauza ndani, sanayankhe. Koma ine ndinauza munthu mmodzi yekha."

Ndinalemba "Pepa" ndi inki yofiira. Ndinamuitananso pambali ndi kumuuza zonse, iye anangowerama mwaulemu, ngati kwa mlendo.

Lachiwiri analemba kuti, "Kunagwa chipale. Ndinadya nsomba. Ndinagona." Lachitatu anapitadi kwa bambo ake, ndinamuona ndekha akulowera kusiteshoni, koma m'kope munali mphepo ndi msuzi wa nyemba. Kope ankapereka tsiku lililonse osaphonya, zilembo zokongola kuposa za aliyense. Mpaka chaka cha sukulu chinatha mu Malichi, zonse zimene Chisato anandiuza ndi nyengo ndi ndiwo.