Chokokera cha Mfuti ya Malume

Tuuli atawombera chipolopolo choyamba, anakoka chokokera cha mfuti kuti alowetse china. Mutu wa chokokeracho unazuka n'kugwera m'matope. Anayesa kukoka kachitsulo kotsalako, koma kanamucheka chala. Woyang'anira mayeso anakweza dzanja, nthawi inali itatha.

Awa anali mayeso omaliza a kuwombera kwa alenje chaka chimenecho, ndipo wolephera sanyamula mfuti kokasaka mphalapala. Tuuli anakonzekera chilimwe chonse ndi mfuti ya malume ake, a Veikko.

Wolakwa ankamudziwa. Mchimwene wake Jarkko, amene anali atangobwera kuusilikali, anadula kamutu kakale dzulo lake n'kumata ndi guluu chimutu chachikulu chogula pa intaneti, ati chimagwirika bwino munthu atavala magolovesi. Tuuli anachiona m'mawa, koma anangomulekerera monga mwa masiku onse.

Mayeso atatha, anamupeza Jarkko kuseri kwa kanyumba ka alenje akuwotcha soseji.

"Unakoka ngati ukuzula chitsa, iwe," anatero Jarkko akuseka. "Mfuti imafuna ulemu."

"Ulemu? Munapempha ndani, achimwene?" Tuuli anakweza mawu, ndipo azibambo amene ankamwa khofi anatembenuka. "Inu mayeso munakhoza kale. Bwanji osamata zinyalala zanuzo pa mfuti yanu?"

Jarkko anayamba kufotokoza kuti kunkhalango kukazizira kamutu kakang'ono kamaterereka, ndipo kuti kuusilikali aliyense amadziwa zimenezi. Palibe anamuvomereza.

A Veikko anafika chimutu chija chili m'manja. Anachitembenuza, nakanda guluu ndi chikhadabo.

"Msilikali wa guluu," anatero mosakweza mawu. "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mfuti iyi yandidyetsa kuyambira usanabadwe, ndiye iwe ukaidule ndi sowo?"

Kenako anauza Tuuli kuti lamulo salipinda. Chaka chino apita nawo ndithu, koma adzangoyenda m'thengo kupirikitsa nyama, manja ali lende. Tuuli anayang'ana pansi kuti asaone misozi yake.

"Kiyi wa kabati ya mfuti," anatero a Veikko, atatambasulira dzanja kwa Jarkko.

Jarkko anachedwa kumumasula pa mpukutu wa makiyi ake. A Veikko anamupereka kwa Tuuli.

Pobwerera, Jarkko anatsegulira Tuuli chitseko chakutsogolo cha galimoto. Tuuli anakakhala kumbuyo, limodzi ndi galu.