Chitseko cha Galimoto ya a Kalipentala

"Ndiye ngoziyo ili pati?" anafunsa wapolisi, akuzungulira galimoto ya a Kalipentala, manja ali kumbuyo.

"Pachitsekopo, bwana. Ndi nyale yakumbuyoyo."

Wapolisi anawerama, nasisita chitseko cha mbali ya dalaivala. Chinali chosalala. Penti yokha ndiyo inali itakandika.

"Madala, mukundiseweretsa? Chitseko ichi chili bwino kuposa cha ofesi yathu."

"Ndinachiwongola ndekha dzulo."

"Ndani anakutumani?"

Palibe amene anawatuma. Dzulo lakelo a Kalipentala anali ataimika kapikapu kawo kunja kwa sitolo ya zitsulo, nalowa kukagula misomali ndi mahinjesi. Ali m'katimo anangomva phwaa! Potuluka anangoona kumbuyo kwa galimoto yoyera ikukhota pakona. Nambala sanaione. Anthu amene anali pakhonde, onse ndi maso awiriawiri, ankati anali kuyang'ana kwina. Nyale yakumbuyo inali mbwee pansi, chitseko chitalowa m'kati ngati chitini chopondedwa, osatsekeka. Tsono kumbuyo kunali kabati ya kasitomala yofunika kufika tsiku lomwelo. Anapita kunyumba atachigwira chitsekocho ndi dzanja limodzi, anatsegula m'kati mwake, anatenga kathabwa ndi hamala, nagogoda pang'onopang'ono mpaka chitsulo chinabwerera m'malo mwake. Moyo wawo wonse chinthu chopindika sankachisiya chigone.

Koma nyale sakanatha kuipala ndi pulena. Popanda nyaleyo apolisi a pamsewu akanawaimitsa paliponse, ndipo galimotoyo ndiyo inkanyamula matabwa ndi mipando yomwe inkawadyetsa.

"Mwawononga umboni," anatero wapolisi, akubweza cholembera m'thumba. "Nyaleyi mwina munagunda nokha mtengo pobwerera m'mbuyo. Pa msinkhu wanuwu khosi silitembenuka bwino. Ine sindingalembe ngozi imene sindikuiona."

Ku ofesi ya inshuwalansi kunali kozizira ngati kosungira mitembo. A Kalipentala anakhala pampando wapulasitiki mpaka msana kuwawa. Zaka zonsezi ankalipira osaphonya, ndipo sanapemphepo ngakhale bawuti. Mtsikana wa pakauntala anali ndi zikhadabo zazitali zopaka, moti ankadina kompyuta ndi m'mbali mwa chala.

"Lipoti la apolisi, agogo."

"Akana kulemba. Ndipo si ine agogo anu."

"Zithunzi za kuwonongekako?"

"Ndinakonza."

Mtsikanayo anawayang'ana ngati anena kuti anaba. "Simumayenera kukhudza, bambo. Popanda lipoti ndi zithunzi, kwa ife ngozi sinachitike."

"Nanga phokoso limene ndinamva lija linali la chiyani?"

"Wotsatira!" anaitana mtsikanayo.

Madzulo ake kunabwera alamu awo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ntchito yake inali yogulitsa inshuwalansi. Ndi yemweyo anawanyengerera kalelo kuti alowe inshuwalansi yaikulu, yolipira chilichonse. Anafika ndi nsapato zosongoka, akununkhira mafuta. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Alamu, inu vuto lanu ndi manja. Manja anuwa amathamanga kuposa mutu. Ena akagundidwa amayamba kujambula, inu mumayamba kugogoda."

"Ndikanasiya kabati ya munthu pamsewu?"

"Zatha izo. Mankhwala ake ndi amodzi. Chitsekocho chibwerere mmene chinalili."

A Kalipentala sanamve msanga. Atamva, anawayang'anitsitsa alamuwo.

"Ndiphwanye galimoto yanga ndekha?"

"Si bodza ayi. Anakugundanidi kapena sanakugundeni? Tikungobweza choonadi pamene munachichotsa."

"Mverani achimwene, bambo," anatero akazi awo ali pakhomo, akupukuta manja. "Mwakhala mukuwadyetsa anthu amenewa zaka zonsezi. Mukufuna nyaleyo mugulenso nokha?"

A Kalipentala anakana. Anagona akukana, anadzuka akukana. Koma m'mawa akupita kukatenga matabwa, wapolisi wa pamsewu anawaimitsa chifukwa cha nyale, nawasunga padzuwa mpaka kasitomala anaimba foni kuti wapeza mmisiri wina. Pobwerera anaitana alamu aja.

Alamu anabwera ndi nzeru zonse. "Hamala ayi, oyeza a inshuwalansi amaizindikira. Tipeze chipika, tichikulunge m'thumba." Anavula jekete, ananyamula chipikacho, nachimenyetsa pachitseko. Chinangosiya kabala kakang'ono pafupi ndi chogwirira, iwo nagwira m'chiuno.

"Si pamenepo," anatero a Kalipentala. "Ngakhale kuwononga simutha? Bweretsani kuno."

Ndi iwo okha amene ankadziwa mmene chitsekocho chinapindikira. Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba pabwalo pawo pomwe. Mayi wa nyumba yoyandikana anali atasiya kuyanika zovala, akuonerera pamwamba pa mpanda. A Kalipentala anatseka maso, namenya. Chitsulo chimene chinapindidwa kale sichilimba ngati chatsopano. Chinalowa m'kati kuposa poyamba, hinjesi yapansi inakhota, galasi linagwera m'kati mwa chitseko n'kusweka.

"Eyaa!" anakuwa alamu, akujambula ndi foni. "Iyi ndiye ngozi tsopano!"

Kupolisi anapeza wapolisi yemwe uja. A Kalipentala anayembekezera kuti awafunsa kuti chitseko chosalala chija chapita kuti. Mwina pansi pa mtima ankafuna kuti afunsidwe. Wapolisi anangoyang'ana chitsekocho, anayang'ana alamu aja, naliza mluzu.

"Pepani kwambiri, bambo. Khalani pansi apa. Iyi inali lole, eti?"

"Inali galimoto yaing'ono yoyera."

"Yaing'ono singachite chonchi. Tilemba lole." Analemba mosamala, nadinda chidindo mwamphamvu mpaka tebulo kugwedera.

Woyeza wa inshuwalansi, bambo wa mimba yake ndi kamera pakhosi, anazungulira galimotoyo akupukusa mutu. "Anthu ogunda n'kuthawawa alibe umunthu. Amene anachita izi ndi chilombo, bambo, chilombo chenicheni."

A Kalipentala anayang'ana pansi. Alamu anavomera kuti inde, ndi chilombodi.

Ngakhale mtsikana wa zikhadabo uja anamwetulira tsiku limenelo. Anawapatsa madzi m'kapu yapepala. Atanena zoona anawaona ngati wakuba, lero ndi bodza ankawatchula kuti bwana. Madziwo sanamwe.

"Zatheka, bwana. Tikonza zonse, chitseko, galasi ndi nyale."

"Nditengeretu nyaleyo lero. Ndikaika ndekha."

"Sizitheka. Zonse zimakonzedwa pamodzi ku galaji yathu. Tikuimbirani ikafika nthawi yanu."

"Liti?"

"Galimoto zilipo zambiri, komanso chitseko cha mtundu wakale chonchi mpaka achiitanitse kunja. Koma chonde, musakhudze chilichonse. Mukangokhudza, zonse zafa."

Panja alamu anawamenya paphewa. "Mwaona? Mukanakhala opanda ine!" A Kalipentala anachotsa dzanjalo paphewa pawo ngati akuchotsa mbozi.

Chitsekocho anachimanga ndi chingwe cha nayiloni, pawindo namatapo pulasitiki. Mvula inayamba, mpando unkanyowa n'kumanunkha nkhungu. Foni ya ku galaji sinalire. Akaimba iwo, ankauzidwa kuti bwana wake watuluka. Pamsewu apolisi ankawaimitsabe. Tsiku lina anatulutsa lipoti lija, naonetsa chidindo chake. Wapolisi wa pamsewu analiwerenga mpaka pansi, nalibweza.

"Lalembedwa bwino, madala. Koma lipoti siliyaka kumbuyo kwa galimoto. Imikani pambali."

Makasitomala ena anayamba kufunsa ngati mipando yawo ifika yamoyo m'galimoto yomangidwa zingwe. Ena sankafunsa n'komwe, ankangopita kwina.

M'mawa uliwonse a Kalipentala ankaima pafupi ndi chitsekocho. Ankaona bwinobwino poyenera kuika kathabwa, poyambira kugogoda, ndi mmene hinjesi ikanabwerera. Inali ntchito yoti dzuwa lisanatenthe yatha. Dzanja linkapita lokha pachitsulopo.

"Musakhudze, bambo!" ankakuwa akazi awo pawindo la kukhitchini.

Iwo ankabweza dzanjalo, n'kulavula pansi. Kenako ankazungulira ku chitseko chinacho, n'kukwawa pamwamba pa giya, mawondo akulira, mpaka kukafika pachiwongolero.