Eladio Adziwa Kufa

M'mudzi wa Eladio ku Galisiya, pa chikondwerero cha Marita Woyera, aliyense amene wapulumuka ku imfa chaka chimenecho amagona m'bokosi la maliro losatseka, anthu n'kumunyamula kuzungulira tchalitchi. Eladio, mkulu wometa anthu, sankaphonya mwambowu, ndipo ankabwerako akung'ung'udza.

"Mwamuona Casimiro? Mtembo wanji wokanda mphuno? Winayo amachita kupatsa moni azilamu ake. Anthu a masiku ano sadziwa kufa!"

Chaka chino chibayo chinamugwira Eladio mpaka wansembe kubwera, kenaka chinamusiya. Mpata wowaphunzitsa anzake unapezeka.

Tsiku la mwambo litafika, anagona chagada m'bokosi, manja pachifuwa. Dzuwa linamuwotcha, ntchentche inayenda pamlomo, iye osaphethira n'komwe. Onyamula, amene anali atakhuta vinyo, anasuzumira m'bokosimo, anavula zipewa poyesa wafadi, n'kukhotera kumanda. Eladio anamva chitseko cha kumanda chikulira, koma akanadzuka bwanji Casimiro ali pompo?

Anamutsitsira m'dzenje limene anapeza lokumbakumba. Dothi loyamba linagwera pa nsapato zake zatsopano.

"Ayi, tivomereze," anatero Casimiro akupukuta misozi. "Pa mitembo yonse imene ndaona ine, wakhoza ndi uyu yekha."

Apa Eladio analephera kudzigwira. Anamwetulira.

Mkazi wake Herminia anasuzumira m'dzenjemo, manja ali m'chiuno.

"Mwaonatu, mwaseka! Zaka zonsezi kunyoza anzanu, lero mwatichititsa manyazi. Tulukani, bambo inu. Mukadwalenso bwinobwino, mudzayese chaka chamawa."