Munda wa Malemu Elizafani

A Sabetai akafuna chinthu cha mwini, ankayamba ndi kuchinyoza. Mkulu wawo Elizafani atangoikidwa m'manda, anakhala pansi m'nyumba ya maliro, phulusa lili kumutu, nkumati, "Munda wasiya mbale wangayu ndi miyala yokhayokha. Azitonawo anakalamba kale."

Yedida, mwana yekhayo wa malemu, anawaikira mbale ya mphodza.

"Idyani, bambo aang'ono. Miyalayo sithawa."

"Lamulo ukulidziwa, mwanawe. Popanda mwana wamwamuna, munda ndi wako. Koma ukwatiwe ndi wa banja la atate ako, apo ayi akulu oweruza milandu pachipata cha mudzi akulanda. Gadieli wanga si uyu?"

Gadieli anali atatsamira khoma, akuwodzera, ntchentche ikuyendayenda pamlomo.

"Uyu adzaudzutsa mundawo," anapitiriza a Sabetai. "Atate ako ankasiyira amasiye ndi alendo mphepete zazikulu zosakolola ngati wolodzedwa. Ife tidzasiya kotambalala ngati chikhatho, lamulo nkukwanira."

Amayi ake a Yedida, a Atara, anaweramitsa mutu. Yedida sanawerame.

"Lamulo likuti wa banja la atate. Dzina la Gadieli mwalimva pati?"

"Wina ndani?"

"Uzieli wa ku Tekowa, mdzukulu wa ang'ono awo a agogo."

A Sabetai anaseka mpaka phulusa linagwera mu mphodza. "Wonunkha nkhosa uja? Ndiye mkazi akadzifunsire yekha mwamuna? Zamanyazi!"

"Fungo la nkhosa limachoka ndi madzi, bambo aang'ono. Ulesi sindinamvepo mankhwala ake."

Gadieli anatsegula diso limodzi. "Mwanditchula?"

"Gona, mlongo wanga. Ukudzitopetsa."

Masiku olira atatha, Yedida anaika mkate ndi mwinjiro m'thumba lachikopa, kukonzekera ulendo wa ku Tekowa. A Atara anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Uzieliyo akakukana?"

"Akandikanire pamaso. Banja lathu ndi lalikulu, ndidzapitirira kwina."

Anamanga thumbalo. Amayi ake analilanda, nkumasula chingwe, nkuwonjezamo mkate wina ndi nkhuyu zouma zodzadza manja.

"Kamba wandikwanira, amayi."

"Si zako izi. Atate ako sankanyamula kamba wa munthu mmodzi. Ankati panjira pali anthu."

Yedida anamanganso chingwe, mwamphamvu, nkuika thumbalo pakhomo.