Malo a Abson Pamzere

Makala a m'simbi anali atazima kale, koma Regina ankayendetsabe simbiyo pamapewa a jekete la malemu mwamuna wake, Abson Daka. Anali atawaika m'manda ku Chingwere sabata yomweyo. Kuchokera tsikulo Regina sanathe kukhala pamphasa monga achitira anamfedwa. Ankasesa posesa kale, kutsegula zenera n'kulitsekanso, kutuluka panja n'kuiwala chimene watulukira.

Mlamu wake Gilson, mng'ono wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Katete, anaima pakhomo la khitchini.

"Mlamu, mukusitira yani? Mwini wake wapita."

"Lero asilikali akale akumana kuchipilala, kukumbukira anzawo," anatero Regina. "A Kabamba, mnzawo wa kunkhondo uja, anabwera dzulo. Akuti mzere wawo ukufupika chaka ndi chaka, pamalo pa Abson pasaoneke mpata."

"A Kabamba ndi m'bale wathu? Mkazi wamasiye satuluka pakhomo tisanamete. Mukufuna Kabwata yonse inene kuti kwa Daka kulibe mwambo? Ndipo jeketelo ndi mendulo zake ndi katundu wa maliro. Sizichoka m'nyumba muno mpaka tigawe. Mukatuluka nazo, ife ndi inu tathana."

Regina anaika simbi pambali. Anatenga mendulo zija n'kuyamba kuzimangirira pachifuwa cha jekete.

Mwana wake Norbert analowa akumanga mabatani a malaya. Anali mlembi wa nthambi ya chipani m'deralo, ndipo ankayenda ngati munthu amene aliyense akumuyang'ana.

"Amayi, mverani atate aang'ono. Ine ndili ndi msonkhano wa chipani, sindingakuperekezeni. Komanso ija inali nkhondo ya mfumu ya ku Mangalande, si yathu. Anzanga akandiona kumeneko adzati bwanji?"

Regina anatukula mutu.

"Mfumu ya ku Mangalande siinagone nawo atate ako akamakuwa kutulo. Ndinagona nawo ndine. Ndine ndinkawagwira manja mpaka adziwe kuti ali kwawo."

Anamanga duku lakuda, anakoleka jekete pamkono, n'kudutsa pakati pa amuna awiriwo. Azimayi a mpingo amene anali pakhonde anasiya nyimbo pakati.

"Ukungoyang'ana?" Gilson anakalipira Norbert. "Kawabweze amayi ako!"

Norbert anawapeza atafika kale pamsewu wa Burma. Dzuwa la Novembala linali litakwiya m'mawa womwewo, mitambo ikungosonkhana popanda kugwetsa kanthu. Regina ankayenda mofulumira ngati wothamangitsidwa.

"Amayi, tiyeni tibwerere. Mudzadana ndi abale a atate chifukwa cha mwala?"

"Gwira ili, landilemera," anatero Regina, n'kumupatsa jekete.

Norbert analilandira. Anati anenenso kanthu, koma fungo la fodya wa atate ake linatuluka m'nsaluyo n'kumutseka pakamwa. Analipinda kuti mendulo zisaoneke, n'kumatsatira pambuyo.

Pachipilala, pafupi ndi maofesi a boma, anthu sanali ambiri. Panali gulu la oimba malipenga, akuluakulu angapo pamipando atanyamula nkhata za maluwa, ndi mzere wa nkhalamba zovala majekete akale. Ena anatsamira ndodo. Wina analibe mkono.

Meshack Kabamba, mkulu wamtali wa ku Luapula amene anapita kunkhondo pamodzi ndi Abson, anachoka pamzere n'kugwira Regina m'manja.

"Ba mayo, mwabwela. Ndinadziwa." Kenako anayang'ana Norbert. "Ndi iwe, mwana wa Abson. Bwela, malo a atate ako ndi awa."

"Ine ndangoperekeza, ba Kabamba."

"Ifenso tinangoperekeza, mwana wanga. Ena sitinabwele nawo."

Anamukoka padzanja n'kumuimika pakati pa iye ndi mkulu wopanda mkono uja. Apo m'pamene Norbert anaona wapampando wa chipani wa m'dera lawo ali pakati pa akuluakulu, akumuyang'ana ndi nsidze zokwera. Norbert akanatha kuchoka. Phazi lake linasunthadi, koma anaona amayi ake ataima okha pambali, duku lakuda padzuwa, osapukuta nkhope. Anabweza phazilo.

Lipenga linalira, lalitali ndi lachisoni, kenako kunangoti zii. Nkhalamba zija zinawongoka misana ngati anyamata. M'chetemo munamveka kaphokoso kamodzi kokha, ngwe, ngwe, ngwe. Norbert anazindikira kuti ndi mendulo za atate ake zikugundana, chifukwa manja ake ankanjenjemera. Anafunyulula jekete lija n'kuligwira pachifuwa, mendulo zikuyang'ana kutsogolo.

Akuluakulu anaika nkhata zawo, analankhula mawu awo, n'kukwera magalimoto. Wapampando uja anadutsa osapereka moni. Regina anayandikira mwana wake.

"Akuchotsa pa udindo?"

"Kaya. Tikaona." Norbert anayang'ana amayi ake. "Za atate aang'ono musade nkhawa, amayi. Ndikalankhula nawo ndine. Ndikawauza kuti jekete ndinatuluka nalo ndine."

Nkhalamba zija sizinabalalike. Zinazungulira pang'onopang'ono kupita kuseri kwa chipilala, kumene kunalibe maluwa kapena mpando, dothi louma lokhalokha. Meshack anakodola Regina ndi Norbert. Anatulutsa botolo la madzi m'thumba la jekete lake.

"Uyu unali udindo wa Abson," anatero. "Chaka chilichonse ankabwela nalo yekha. Lelo ndanyamula ndine."

Regina anayang'ana botololo, osamvetsa. Zaka zonsezo mwamuna wake ankapita yekha kumwambowu, n'kubwera osanena kanthu.

"Tisanapite ku Burma anatitumiza ku Somaliya," anatero Meshack. "Mapiri a miyala, opanda mtengo, opanda chitsime. Tinali ndi mnzathu Amock, wa kwanu ku Katete komweko. Chipolopolo chinamulasa m'mimba tikuthawa. Abson anamubereka kumsana tsiku lathunthu. Njira yonse Amock ankangoti, 'Madzi, achimwene, madzi.' Mabotolo athu onse anali gwa. Anamwalira akupempha. Dzina lake pamwala uwu palibe."

Mkulu wopanda mkono uja anavula chipewa. Enanso anavula.

Regina anaphimba pakamwa ndi nsonga ya duku. Dzina limene mwamuna wake ankakuwa kutulo linali lomwelo, ndipo iye sanafunsepo mwini dzinalo, poopa kutokosa bala.

Meshack anapereka botolo kwa Norbert. Norbert anapatsa amayi ake jekete, anagwada pafumbi ndi buluku lake la kumsonkhano, n'kupendeketsa botolo. Madzi anakhavukira pansi.

"Iyayi, osati choncho," anatero Meshack, akumugwira pamkono. "Ungamutsamwitse. Pang'onopang'ono, monga ukumwetsa munthu wogona chagada. Atate ako ankayamba adikira kuti ameze."

Norbert anathira pang'ono, n'kudikira mpaka dothi litamwa. Kenako anathiranso.