Makutu a Mkamwini

Chaka chilichonse, mapira akangofika padwale lopunthira, Aroni ankayamba kuyetsemula. Sikunali kuyetsemula kwa kamodzi n'kupukuta mphuno ayi. Kunali kotsatizana, kogwedeza mutu wonse, mpaka nkhuku zinkachoka pakhonde. Maso ankafiira ndi kuyabwa, mamina ankangochucha ngati madzi, ndipo pakapita masiku makutu ankatseka. Kenako anthu ankatentha tchire, mphepo n'kumwaza phulusa m'mudzi monse, ndiye basi, matendawo ankamanga msasa mpaka mvula yoyamba.

Aroni anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Sinda. Kwawo kunali cha ku Mkaika, koma kumeneko kunalibenso womudikira. Amayi ake anapita ndi chimfine chachikulu chija chinasesa anthu nkhondo ya Ajeremani ikutha, iye asanabwerere kuchokera kokanyamula katundu wa asilikali. Kunkhondoko anabwerako ndi bulangete limodzi ndi msana wopweteka. Choncho zonse zimene anali nazo zinali pano: mkazi wake Yunesi, kamwana kawo Febi, ndi munda wa apongozi ake, aNaphiri. Ndipo mkamwini sasankha ntchito. Mapira a apongozi ankapuntha ndiye, fumbi loyabwa lija likumulowa m'mphuno, iye n'kumayetsemula ndodo ili m'manja.

Wotopa kwambiri ndi matendawa sanali Aroni, anali Yunesi. M'mawa uliwonse, asanapite kumtondo, ankathyola masamba a chanzi ndi a mandimu n'kuwawiritsa mumphika wakale. Aroni ankakhala pansi, mphika pakati pa miyendo, bulangete kumutu, n'kumakoka nthunzi mpaka thukuta kuchita kuyenderera. Kufukizako kunkamasula mphuno kwa kanthawi. Akavundukula, Yunesi ankasungunula kamchere m'madzi ofunda, mchere womwe ukanathiridwa m'ndiwo, kuti mwamunayo akoke ndi mphuno n'kumina. Makutu ndiwo ankavuta. Ankatenthetsa mwala, kuukulunga m'chiguduli, n'kumugwiritsa kuseri kwa khutu. Ankamudonthezera mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku. Ankamuuza kuti ayasamule, ameze malovu, atafune nzimbe, atsine mphuno n'kufufumitsa masaya. Aroni ankachita zonsezo momvera ngati mwana, koma makutu ankangokhala chitsekere. Nkhani iliyonse m'nyumbamo inkafunika kufuula, ndipo munthu amene wasinja, watunga ndi kubereka mwana tsiku lonse sakhala ndi mphamvu zofuula. Motero ankangolozerana ndi zala.

Tsiku lina masana Aroni anachoka kudwale thupi lonse likuyabwa, nalunjika kudziwe kuti akasambe. Mwambo wake ngodziwika kwa aliyense. Mwamuna akayandikira kumadzi amaima patali n'kufuula odi, ndipo ngati kuli akazi amayankha kuti kuli anthu, iye n'kudikira kapena kubwerera. Aroni anaima pamkuyu pamene amuna onse ankaima.

"Odi kumadziko!"

Mawu akewo anawamva m'mutu mwake ngati akulankhulira mumtsuko. Anatchera khutu. Zii. Anafuulanso, poti anali munthu waulemu. Zii. Ndiye anatsika, akumasula nsalu yake m'chiuno.

Kumadziko kunali aNaphiri, ndipo anali atayankha mpaka mawu kusasa.

Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana ngakhale onse atavala. Akaonana patali m'njira, wina amapatukira patchire. Zaka zonsezo Aroni ankawadziwa aNaphiri ndi mawu ndi zidendene basi. Tsiku limenelo anawaona athunthu, nsalu yawo ili pamwala. Anatembenuka n'kuthawa, kugwa, kudzukanso, koma akazi obwera kudzatunga anali ataona kale. Dzuwa lisanapendeke, nkhani inali itafika mpaka kumudzi wa Ansenga kutsidya.

Yunesi anapita kukagwada pakhomo pa amayi ake kuti afotokoze za makutu. ANaphiri sanafune kumva.

"Ugonthi wanji wobwera ndi mapira n'kuchoka ndi mvula?" anatero. "M'dzinja amamva ngakhale mbale ikagunda m'nyumba mwanga. Lero ndakuwa mpaka kukhosi kuwawa, iye n'kumangotsikabe! Iwe, amene uja wandichita dala. Ndatuma kale mwana kwa malume ako."

Malumewo anali aJonasi, mlongo wa aNaphiri, mwini mbumba yonse komanso mkulu wa mpingo. Iwo ndiwo anali ndi mawu omaliza. Ndipo mkamwini akalakwa kwambiri samukalipira nthawi yaitali. Amangomuikira mphasa, khasu ndi nkhwangwa yake panja, iye n'kudziwa njira. Mwana amatsala, pakuti mwana ndi wa kwa mayi. Aroni ankazidziwa zimenezi, ndipo masiku odikira mlanduwo ankangomunyamula Febi ngakhale mwanayo akufuna kutsika kuti akasewere.

M'mawa wa tsiku la mlandu Yunesi anawiritsa masamba monga mwa nthawi zonse. Aroni analowa m'bulangete wopanda chiyembekezo. Anakoka nthunzi, anameza malovu, anayasamula kamodzi kwakukulu chifukwa cha tulo tosakwanira, ndipo khutu lakumanja linangoti tsegu! Lakumanzere linatsatira pomwepo, ndi kaululu kakang'ono. Zinthu zonse zinabwerera nthawi imodzi: nkhuni kuthetheka, njiwa kulira kuseri, Febi kubwebweta yekha pakhonde. Anagwira nsonga ya bulangete kuti avundukule n'kumuuza mkazi wake kuti ntchito yake yapindula.

Nthawi yomweyo pakhomo panamveka mawu a Rebeka, mkulu wake wa Yunesi.

"Iwe, lero ukumufukiziranji? Malume akuti akamuyesa pamaso pa anthu. Akapezeka kuti akumva, ndiye kuti amayi anena zoona, munthuyo wapita."

"Aa, akulu," anayankha Yunesi motopa, "masabata onsewa sanatseguke, atseguke lero? Ndikungochita pozolowera."

Aroni anasiya nsonga ija. Anali munthu wa m'kalasi ya ubatizo, ndipo bodza ankaliopa kwenikweni, osati mwa pakamwa chabe. Komanso kumadzi kuja sananame, sanamve ndithu. Nanga akanakhulupirira ndani kuti makutu anatseguka m'mawa wa mlandu? Anakhala m'bulangetemo mpaka mphika unazizira. Atatuluka anayang'ana mkazi wake ndi maso omwe aja a munthu wosamva, ndipo anachita manyazi poona kuti sizinali zovuta.

Anthu anasonkhana pamthunzi pakhomo pa aJonasi. ANaphiri anakhala kuseri kwa nkhokwe kuti asaonane ndi mkamwini wawo, ngati kuti panali chotsala choti chibisike. Aroni anamukhazika pakati, moyang'ana kumunda. AJonasi sanali munthu waukali. Anali wokalamba wotopa ndi milandu ya alongo ake, ndipo ankafuna nkhaniyi ithe dzuwa lisanatenthe. Anadzuka pang'onopang'ono, naima kumbuyo kwa Aroni, nalankhula motsitsa, akumutchula ndi chiwongo chake.

"AMbewe, mbuzi zalowa m'dimba mwanu."

Aroni anayang'anabe kumunda. M'dimbamo munali mpiru umene ankauthirira ndi msana wake wopweteka uja.

"AMbewe," anateronso aJonasi, motsitsa kuposa poyamba, "chinkhanira chikukwera pamwendo wanu."

Khungu lonse la mwendowo linanyerenyetsa. Aroni anameza malovu, nayetsemula mwamwayi, napukuta mphuno ndi dzanja. Sanayang'ane pansi. Anthu anaseka, ena n'kugwedeza mitu mwachisoni.

"Uyu ndi gonthi ndithu," anatero aJonasi pobwerera pampando wawo.

Apo ndiye anthu anamasuka, monga amachitira pamaso pa gonthi. Aroni anamva mnansi wake, amene ankabwerekana naye nkhwangwa, akunena kuti munthuyu amadya ngati awiri koma kupuntha ngati theka. Anamva mayi wina akuti ngakhale nkhope yake njofooka, sadziwa kuti Yunesi anaonapo chiyani. Kuseri kwa nkhokwe aNaphiri anati kaya amva kaya samva, maso ake anaona, ndipo iwo sangamayende m'mudzi mwawomwawo mozyolika chifukwa cha mlendo. Zonsezi zinamupweteka, koma anazipirira. Anali atanyamulapo zolemera kuposa izi.

"Chabwino," anatero aJonasi. "Mlongo, tamva. Koma wogona naye m'nyumba si inu. Yunesi, sendera kuno. Mwamunayu ukumufunabe?"

Yunesi anagwada chapafupi, Febi ali kumsana. Kenako analankhula ndi mawu ake a masiku onse, mawu amene Aroni anali asanawamve chiyambire kupuntha mapira.

"Malume, mwandifunsa, ndinena. Ndatopa naye. Chaka ndi chaka, anzanga akamapuma pokolola, ine ndiye ndimayamba: masamba, nkhuni, mwala, mafuta, mamina pansalu iliyonse. Usiku kuyetsemula, mwana kudzuka. Ndikafuna kumuuza kanthu ndifuule mudzi wonse umve, ndiye ndinaleka kumuuza. Ndimakhala ndi munthu m'nyumba koma ndilibe wocheza naye. Tsiku limene amayi anati achoke, ndisaname pamaso panu, mtima wanga unapepuka. Ndinati mwina ndipumako."

Aroni anayang'anitsitsa chiputu china cha mapira kumundako, ngati kuti moyo wake unali pamenepo.

"Ndiye achoke?" anafunsa aJonasi.

"Ayi, musamuchotse," anatero Yunesi. "Sindikunena kuti ndikumufuna monga kale. Kungoti kwawo kulibe womuwiritsira masamba. Akapita ndizingoganiza kuti ali yekha m'bwinja, maso atatupa, ndipo kupumako sindikupeza. Komanso mwanayu amamukonda. Kutopako ndinazolowera, malume. Musiyeni."

AJonasi anapuma mozama. Anagamula kuti Aroni akhale, koma apereke mbuzi yopepesera apongozi ake, ndipo nyengo ya mapira ikafika azikasamba kumunsi, kumene kumamwera ng'ombe. ANaphiri anang'ung'udza kuseri kwa nkhokwe, koma mbuzi ndi mbuzi. Anthu anayamba kudzuka, kukutumula fumbi m'nsalu, aliyense kukumbukira ntchito imene anaisiya. Palibe amene anavutika kumufotokozera Aroni, ndiye anakhalabe pomwepo monga ayenera kuchitira munthu amene sanamve kuti mlandu watha.

Yunesi ndiye anabwera n'kumugwira paphewa. Anayenda mondondozana kubwerera kunyumba, iye patsogolo, mkazi pambuyo. Aroni ankamva chilichonse: mapazi a Yunesi akukwekwereza pansi, mpweya wake wolemera, Febi akuyamwa chala. Anali atapulumuka, koma kupulumukako sikunamukomere. Anafuna kutembenuka n'kunena kuti pepani, sindinkadziwa. Koma pepaniyo akanaulula zonse, ndipo Yunesi akanadziwa kuti mawu amene anayankhula poyesa kuti ali kuseri anawayankhula pamaso pake.

Atafika pakhonde, Yunesi anatsitsa mwana, naweramira kukhutu la mwamuna wake.

"Mukhala!" anafuula. "Akuti mbuzi imodzi!"

Aroni anagwedeza mutu. Akanatha kulekera pomwepo. Koma pakamwa panamutsogolera, ndipo anafunsa mokweza, monga amafunsira agonthi, akumutchula mkazi wakeyo ndi chiwongo chake.

"Ndinaona malume akukufunsani. Nanga inu munati chiyani, Nabanda?"

Yunesi anamuyang'ana. Maso ake anali ofiira ndi utsi wa m'mawa uliwonse. Anapukuta manja pansalu, nakokera mpweya, naika pakamwa pake pakhutu pomwe.

"Ndinati ndinu mwamuna wanga, ndimakufunani!"

Mawuwo anamulasa m'khutu longotseguka kumenelo, koma Aroni sanasunthe mutu.

"Zikomo, Nabanda," anatero. "Ndamva."